Nthanga za maungu si zakudzala

Kuyambira April mpaka June maungu amangoti mbwee m'minda ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Pamsika wa Mponela kapena ku Malomo amagulidwa motchipa, ena amangowolera pansi pa nkhokwe. Tikaphika, nthanga timakokolola n'kukataya kudzala. Koma masana omwewo, mwana akamapita ku madrasa, timamupatsa ndalama yoti akagule kamba, chinthu choti akadya m'mimba mumangodzaza mphepo. Apatu tikulakwitsa.

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 ndi opinimbira. Chimodzi mwa zifukwa zake n'kuchepa kwa zakudya zomanga thupi. Kuno kumapiri usipa wochokera ku Salima ndi ku Nkhotakota umafika utakwera kale mtengo, ndipo nyama ya halaal sitidya tsiku lililonse. Pamene nthanga zomwe tikutayazi, mkati mwake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mapuloteni, kuphatikizapo mchere wothandiza magazi. Mnofu wachikasu wa dzungu nawo uli ndi vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi.

Chipembedzo chathu sichilola israf, kuononga zomwe Allah watipatsa. Komanso dzungu si chakudya chonyozeka. Anas bin Malik adasimba kuti adaona Mtumiki (SAW) akusankha tizidutswa ta dzungu m'mbale, ndipo iye kuchokera tsiku limenelo adayamba kulikonda. Nanga ife tikulinyozeranji?

Maganizo athu ndi akuti nyengo ino banja lililonse liphunzire kuphika chigumu cha maungu choti mwana atenge m'chikwama. Sichifuna uvuni ayi. Tsukani nthanga, muziyanike, mukazinge pa moto wochepa, kenaka musinje ndi kusefa. Sinjaninso mtedza wokazinga, koma muyambe mwausankha: wachuku ndi wonyala tayani, chifukwa chukucho chili ndi poizoni woononga chiwindi. Ngati muli ndi soya, akhale wokazinga bwino musanakagayitse. Wamuwisi amavutitsa m'mimba. Phikani dzungu, mulitsanule madzi, mulipote. Pa makapu awiri a dzungu thirani kapu imodzi ya nthanga zosinja, imodzi ya nsinjiro, imodzi ya mgaiwa, theka la ufa wa soya, kamchere ndi kasoda pang'ono. Shuga akavuta, nthochi ziwiri zakupsa kapena uchi zikwanira. Pakani mafuta mumpoto, yalani phalalo mopyapyala, makala pansi ndi pachivundikiro monga tichitira ndi chigumu cha masiku onse. Chikazizira dulani tizidutswa tonga zala ziwiri.

Ena anena kuti, "Nthawi yake ili kuti, poti tili pakalikiliki wokolola ndi kusankha fodya?" N'zoona, ntchito yachuluka, ndipo yambiri imagwera amayi. Ndiye abambo ndi anyamata asamangodikira chakupsa. Kukazinga nthanga ndi kusinja aliyense angathe. Ena akuti ana azolowera za m'sitolo. Adazolowera chifukwa ndife tidawazoloweza. Mwana amakonda chomwe wakula nacho.

Tichenjezepo ziwiri. Choyamba, chigumuchi chili ndi chinyezi, choncho chidyedwe pasanathe masiku awiri. Chosungika ndi nthanga zouma ndi dzungu lolenga mopyapyala n'kuyanika pathandala. Zimenezi, zikaikidwa pouma, zidzatithandiza mu January ndi February nkhokwe zitapepuka. Chachiwiri, musakazinge zonse. Patulani kaye nthanga za maungu okoma ndi okhwima bwino kuti zikhale mbewu, poti nkhwani wa chaka chamawa uli momwemo.

Tikupempha magulu a amayi a pamzikiti kuti Lachisanu limodzi akatha Jumu'ah aphikire limodzi, odziwa aphunzitse anzawo. Ma Sheikh ndi aphunzitsi a madrasa nawo aikepo mawu. Ndalama ya kamba ija ikasungidwa mwezi wathunthu, igula makope. Dzungu tidalima tokha, mvula adagwetsa ndi Allah. Chatsala kwa ife n'kusataya.