Quad ya mpikisano akuti ikubwera, nanga tidzaithamangitsira kuti?

Mayeso a teremu ndamaliza kuchonga, ndiye lero ndipumeko pa nkhani za silabasi, ndikambe za chinthu chimene chalowa m'mitu ya anyamata athu kuno ku Mzimba: quad. Kwa inu amene simunaionepo, quad ndi njinga yamoto ya matayala anayi okhuthala, yoongolera ndi mahandulo. Pali za pa famu zokoka katundu, ndiye pali za mpikisano, zopepukirako, zaphokoso, zopangidwira kuthamanga m'fumbi ndi mumchenga. Anyamata akufuna zachiwirizi. M'mafoni mwawo muli zithunzi za quad yatsopano imene akuti ituluka posachedwa, ndipo aliyense ali ndi achimwene kapena amalume ku Joni amene akuti alonjeza kudzabwera nayo pa thirela nthawi ya Khirisimasi.

Ine sindikuwaseka ayi. Makina amenewa ndi okongola, ndipo mtima wanganso umadumpha ndikaona kanema wake. Koma za quad yatsopanoyo ndidzakhulupirira tsiku limene kampani yake idzalengeze yokha, chifukwa mbiri ya ma quad a mpikisano ikuonetsa kuti msika wake unafota kalekale. Mu 2004 Yamaha inatulutsa YFZ450, Honda nayo TRX450R. Mu 2006 kunabwera Suzuki LT-R450 ndi Yamaha Raptor 700, ndipo pofika 2008 Kawasaki, KTM ndi Can-Am zonse zinali zitalowa m'bwalo. Kenako chuma cha dziko lapansi chinagwedezeka, ogula ku America anatembenukira ku timagalimoto ta m'tchire ta mipando iwiri, ndipo makampani anayamba kusiya imodziimodzi. Honda inalekera TRX450R pa ya chaka cha 2014. Mwa akuluakulu aja, amene anapitiriza ndi quad ya mpikisano ya 450 ndi Yamaha basi. Ngakhale ku Dakar, mpikisano wotchuka uja wa m'chipululu, ma quad anali ndi gawo lawolawo kuyambira 2009, koma analithetsa atatha mpikisano wa 2024, umene anapambana Manuel Andújar wa ku Argentina pa Raptor 700. Mu 2025 ku Dakar kunalibe quad.

Tiyerekeze kuti amalume aja akwaniritsadi lonjezo, quad yatsika pa Jenda. Apa ndi pamene nkhawa yanga yagona, ndipo mundilole ndilankhule ngati mphunzitsi wa Physics pang'ono. Anthu amaganiza kuti chinthu cha matayala anayi sichingagwe. Zoona zake n'zakuti quad ya mpikisano ili ndi ekiselo imodzi yolimba kumbuyo, matayala onse awiri amazungulira liwiro limodzi. Pokhota, tayala lakunja limayenera kuyenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndiye quad imafuna kupitirira molunjika. M'fumbi matayala amatsetsereka pang'ono, woyendetsa n'kusuntha thupi lake lonse, ikakhota. Pa tala matayala amagwira kwambiri, satsetsereka, ndipo imangotembenuka. Ikatembenuka sikuponyera kumbali ngati njinga yamoto wamba, nthawi zambiri imakugwera pamwamba, ndipo Raptor 700 imalemera pafupifupi makilogalamu 190. Amenewo ndi matumba a chimanga pafupifupi anayi pachifuwa pa mwana wa Fomu 2. Opanga ake amalemba poyera pa makinawo: osayenda pa tala, osanyamula munthu wina, osayendetsa mwana wosakwana zaka 16. Abale, ndani pa Mzimba boma adzamvere zimenezo? Ife amene timakwera atatu pa Lifo imodzi, wachinayi ali mwana pa thanki?

Mayiko olemera analumidwapo kale. Njinga za matayala atatu zimene Honda inayamba kugulitsa mu 1970 zinapha ndi kulumaza anthu ambiri ku America mpaka anasiya kugulitsa zatsopano mu 1988. Ku Australia, kuyambira 2021, ma quad atsopano a pa famu amayenera kukhala ndi chitsulo choteteza woyendetsa akatembenuka.

Wina anandiuza kuti quad ingathandize m'misewu yathu yoipa, ya ku Khosolo kapena ya ku Mabulabo nthawi ya dzinja. Quad ya pa famu, yokoka matayala onse anayi, mwina inde. Ya mpikisano ayi. Imakoka ndi akumbuyo okha, pansi pake ndi pafupi kwambiri ndi nthaka, masentimita 11 kapena 12, ndipo m'lifupi mwake ndi kuposa mita imodzi. Pa kanjira ka pakati pa minda kapena pa mlatho wa mitengo iwiri, kabaza wa King Lion adzadutsa, quad n'kutsala tsidya lino ikulira. Ilibe ngakhale pomangirira thumba la feteleza. Mtengo wake ku America ndi madola pafupifupi 10,000, musanaonjezepo msonkho ndi mayendedwe. Munthu amene wavutika zaka zisanu akugwira ntchito m'magadeni a ku Johannesburg, ndalama imeneyo amanga nayo nyumba ya malata n'kulipirira ana awiri sukulu mpaka Fomu 4.

Komabe chilakolako cha anyamatawa sindikufuna tichizime, chifukwa pansi pake pali chinthu chenicheni. Mzimba ili ndi akatswiri oyendetsa njinga m'malo ovuta amene palibe amawawerengera. Mnyamata wa kabaza amene amatenga mayi wodwala kuchoka ku mudzi wa kutali kukafika naye ku chipatala cha Embangweni mu Febuluwale, matope ali m'maondo, amadziwa za kuterera kuposa ambiri amene timawaonera pa kanema. Vuto ndi lakuti luso limeneli alibe poti n'kulionetsera, ndiye amalionetsera pa M1 ndi pa msika, pakati pa amayi ogulitsa tomato. Mpikisano ulipo kale, anzanga, kungoti ukuchitikira malo olakwika, popanda helemeti, popanda woimba wezulo.

Malo abwino tili nawo. M'nkhalango ya Viphya, cha ku Luwawa ndi Chikangawa, muli misewu yafumbi yambirimbiri imene inalambulidwa chifukwa cha mitengo ya paini, ndipo ku Luwawa kwachitikapo mipikisano ya njinga zakapalasa ya mtunda wautali, anthu ochokera kunja n'kumabwera. Chingalephereke n'chiyani kupempha chilolezo kwa a zankhalango ndi apolisi a pamsewu, kutseka msewu umodzi tsiku limodzi, n'kuchititsa mpikisano wa njinga zamoto zimene anyamata ali nazo kale? Wolowa aonetse laisensi ndi helemeti yeniyeni, osati chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba. Pakhale ambulansi. Ndipo usachitike mu Okutobala, pamene kamoto kamodzi kochokera ku ekizozi kangapsereze mapiri atatu. Nkhalango ija yapsa mokwanira. Juni angakhale bwino, ngakhale kuzizira kwa ku Chikangawa mukukudziwa.

Mpikisano wotere utakhazikika, amene ali ndi quad yake adzaipezere gawo m'menemo, abwere nayo pa thirela, athamange, aikwezenso pa thirela kubwerera kwawo. Ineyo ndidzakhala m'mbali mwa msewu ndi jekete yanga ndi wotchi yowerengera nthawi, ntchito imene ndimaigwira kale pa masewero a sukulu. Inu a ku Joni amene mumawerenga tsamba lino, musanagule quad ija, yambani mwatumiza mahelemeti khumi.