Wosaina Asanaone Ndiye Mdani wa Lole ya Boma

Pali chizolowezi china chimene chazika mizu m'maofesi a Boma m'boma la Mulanje, monga momwe chachitira m'maboma ena a dziko lino, ndipo nthawi yakwana yoti chidzudzulidwe poyera. Lole ya ofesi ikayamba kutsokomola, kapena ikangokwanitsa makilomita ake a sevisi, mkulu woyang'anira magalimoto amalemba kalata, napatsa dalaivala mafuta ndi alawansi, nalamula kuti galimotoyo ipite ku Blantyre kwa kampani imene inaigulitsa. Pakapita masabata loleyo imabwerako itatsukidwa bwino, pamodzi ndi chikalata cha ndalama zoti zilipidwe, ndipo mkuluyo amasaina osatsegula n'komwe boneti. Akafunsidwa chimene chakonzedwa, yankho lake limakhala lakuti galimoto inali kwa eni ake. Yankho limeneli ndi lochititsa manyazi, pakuti eni ake a lole ya Boma ndi anthu a kwa Mabuka, kwa Chikumbu, kwa Nkanda, kwa Juma ndi kwa Njema amene msonkho wao unaigula. Wogulitsa uja anasiya kukhala mwini wake tsiku limene analandira ndalama.

Munthu asamve molakwa. Makampani ogulitsa magalimoto ali ndi malo ao, ndipo pali ntchito zina zimene ndi iwo okha angazigwire bwino. Lole yatsopano imabwera ndi chitsimikizo cha kampani yoipanga, ndipo chitsimikizocho chimatha mphamvu ngati galimoto yatsegulidwa ndi munthu wosavomerezeka. Injini za masiku ano zimayendetsedwa ndi kompyuta, kotero kuti matenda ake ena saoneka ndi maso kapena kumveka ndi khutu, koma amafuna makina oyezera amene magalaja ang'onoang'ono alibe. Masipeya enieni amapezekanso kwa ogulitsawo, pamene m'misika mwadzaza zipangizo zachinyengo zimene zimatha mwezi usanathe. Zonsezi ndi zoona. Koma wogulitsa ndi munthu wamalonda, ndipo phindu la galaja yake limachokera ku masipeya amene wagulitsa ndi maola amene walemba kuti amakaniko ake agwira ntchito. Wamalonda akafuna phindu sanalakwire munthu. Wolakwa ndi wogula amene amagona tulo pamsika atanyamula ndalama za anthu ena.

Aliyense wodziwa Mulanje akudziwa kuti boma limeneli silichitira chifundo galimoto. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limakoka mitambo, ndipo mbali yake ya kumwera ili m'gulu la madera olandira mvula yambiri koposa m'dziko muno. Lole ikangosiya phula pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Nkando, imalowa m'matope ofiira m'dzinja ndi m'fumbi m'chilimwe, imakwera zitunda ndi giya yoyamba itasenza feteleza kapena simenti, ndipo imaoloka timitsinje timene timadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kuphiri. Matope amalowa m'mabuleki, madzi amatsuka girizi m'malo olumikizana zitsulo, fumbi limatseka sefa ya mpweya, ndipo mabampu amathyola masipuling'i. Makampani opanga malole amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake m'mabuku ao amalemba kuti galimoto yogwira ntchito m'malo ovuta izisinthidwa oyilo ndi masefa pafupipafupi kuposa yoyenda pa phula.

Tsono makaniko wa ku Blantyre amaiona loleyo tsiku limodzi pa miyezi ingapo. Iye amawerenga makilomita pa mita, natsata ndandanda yake, nasintha zimene ndandandayo yanena. Mita siimuuza kuti makilomitawo anayendedwa m'matope, ndiponso siimuuza kuti injini inatentha pokwera chitunda sabata yatha. Wodziwa zimenezi ndi dalaivala, koma kawirikawiri dalaivalayo amangosiya makiyi pa kauntala nkupita kwa abale ake ku Ndirande kapena ku Bangwe kukadikira. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ofesi imene imatumiza galimoto popanda kulemba matenda ake, popanda munthu wofotokoza ndi wofunsa, yatuma kandimverere, ndipo isadabwe loleyo ikafanso pa msewu wa Midima isanafike n'komwe pa Boma.

Phunziro lili pafupi, m'minda ya tiyi imene yazungulira phiri. Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbeu yamalonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anamubzala pa Lauderdale, ndipo kuyambira pamenepo eni minda anaphunzira kuti tsamba lothyoledwa m'mawa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, apo ayi limapsa ndi kutaya mtengo wake. M'miyezi ya mvula, pamene tiyi amaphuka kwambiri, thirakitala kapena lole ikaima tsiku limodzi, alimi ang'onoang'ono monga a bungwe la Sukambizi amene amagulitsa tsamba lao ku Lujeri amaluza ndalama zooneka ndi maso. N'chifukwa chake maesiteti amakhala ndi magalaja ao ndi amakaniko ao. Iwonso amagula masipeya kwa ogulitsa, ndipo ntchito zazikulu amazitumiza ku tauni, koma wogamula kuti chitsulo chakutichakuti chatha ndi kapitao wao, amene amaidziwa galimotoyo monga mlimi adziwira ng'ombe yake. Ngati kampani ya tiyi imasamala chotere chifukwa cha tsamba, nanga Boma limene lole yake imanyamula mankhwala, mabuku a sukulu ndi chimanga cha anthu anjala liyenera kusamala motani?

Boma la Malawi silinayambe lero kuganiza za nkhaniyi. M'nthawi ya Dr H. Kamuzu Banda, amene anatsogolera dziko lino kuyambira 1964 mpaka 1994, kunali bungwe la Plant and Vehicle Hire Organisation, lodziwika ndi dzina lakuti PVHO, limene linkasunga ndi kukonza magalimoto ndi makina a Boma, ndipo pambuyo pake linatchedwa PVHES. Dongosolo limene linakhazikitsidwa linali lomveka bwino. Galimoto ya Boma isanapite ku galaja ya munthu wamba, akatswiri a bungweli aziyamba aiona ndi kulemba chimene chaonongeka, ndipo ikabwerako aziionanso ndi kutsimikiza kuti ntchito yagwiridwa, ndalama zisanatuluke. Koma malipoti a Mkulu Wolondoloza Chuma cha Boma akhala akudandaula mobwerezabwereza za maofesi amene analipira ndalama zokonzetsera magalimoto popanda chikalata cha akatswiriwo. Dziko lino linaona m'chaka cha 2013, pa mlandu wa Cashgate, chimene chimachitika anthu akazolowera kusaina mapepala a katundu amene sanamuone. Kusaina chikalata cha galaja osaona galimoto ndi nthenda yomweyo, ingochepa msinkhu.

Ndipo nthendayi yakwera mtengo. Malawi sapanga masipeya a malole. Pafupifupi chitsulo chilichonse chimachokera ku Japan, ku India, ku China kapena ku South Africa, ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lino lakhala likuzisowa. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya masipeya inakwera motsatira. Galaja yaikulu imakonda kuchotsa chipangizo chonse ndi kuikapo chatsopano, chifukwa njira imeneyo ndi yachangu ndiponso yopindulitsa, ngakhale pamene sitata kapena alitaneta inangofuna kusinthidwa kachitsulo kamodzi m'kati mwake. Chipangizo chatsopanocho chikakhala kuti kulibe m'sitolo, lole imakhala pa bwalo la galaja masabata kudikira kuti chiitanitsidwe kunja. Ikakonzedwa, ofesi imapeza kuti ilibe ndalama zokwanira, ndipo galimoto imagwidwa chikole mpaka ngongole itabwezedwa. Nthawi yonseyi anthu a ku Mulanje, pa mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera pamene lole yao yaima, akudikira.

Amene akuganiza kuti iyi ndi nkhani yaing'ono akumbukire mwezi wa March 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa madzi, miyala ndi matope kuchokera m'mapiri a Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, anthu oposa 600 anafa m'dziko muno, mazana ena anasowa, ndipo misewu ndi milatho inakokoloka. M'masiku amenewo galimoto iliyonse yamphamvu yotha kuyenda m'matope inali moyo wa anthu, pakuti ndi imene inkafikitsa ufa, mabulangete ndi mankhwala m'misasa ya othawa madzi. Mvula yotere siitumiza kalata isanabwere. Lole imene tsiku la ngozi lidzaipeze ili ku Blantyre kudikira sefa imene dalaivala akanatha kuisintha yekha idzakhala yalephera ntchito imene inagulidwira, ndipo mlandu wake udzakhala pa mutu pa amene anaitumiza kumeneko mosaganiza.

Ena mwa akuluakulu a m'maofesi amadziteteza ponena kuti iwo sanaphunzire umakaniko, motero sangatsutsane ndi akatswiri a kampani. Mau amenewa ndi ozembera udindo. Mkulu wa ofesi sanaphunzire umisiri womanga nyumba, komabe salipira kontirakitala asanapite kukaona ngati denga lafoleredwa. Sipafunika digiri kuti munthu afunse mtengo ntchito isanayambe, kapena kuti aitanitse zitsulo zakale zimene akuti zachotsedwa. Ndipo pali chifukwa china chimene sichinenedwa mokweza. Ulendo wa ku Blantyre uli ndi alawansi, uli ndi mafuta, ndiponso uli ndi mpata wokagula katundu wa pakhomo pa galimoto ya Boma. Ntchito yaing'ono ikachitikira pa Mulanje pomwepo, zonsezi zimasowa. Palinso ena amene akamva kuti ogulitsa akudzudzulidwa amasekerera, chifukwa akufuna kupititsa loleyo ku galaja ya pansi pa mtengo ya mlamu wao kuti akagawane ndalama. Awa ndi oipa koposa, pakuti woyambayo ndi waulesi chabe, pamene uyu ndi mbala. Onse awiri amafanana pa chinthu chimodzi, ndicho kudana ndi diso la munthu wachitatu.

Mankhwala a nthendayi ndi odziwika ndipo safuna ndalama zambiri. Dalaivala aliyense wa Boma aziyamba tsiku poona oyilo, madzi, mafuta a mabuleki, mpweya wa m'matayala ndi manati a mawilo, ndipo azilemba m'buku la galimoto chilichonse chachilendo chimene wamva kapena kuona. Mkulu wa ofesi aziliwerenga bukulo sabata iliyonse, ndipo aziletsa kusenzetsa lole katundu wopitirira muyeso, pakuti kusenzetsa ndiko kumapha masipuling'i ndi matayala. Galimoto isanapite kwa wogulitsa, akatswiri a Boma aione ndi kulemba matenda ake. Wogulitsa apereke mtengo wolembedwa ntchito isanayambe, ndipo akapeza vuto lina m'kati, aziyamba wapempha chilolezo. Dalaivala akhale pomwepo pofotokoza ndiponso polandira. Zitsulo zonse zochotsedwa zibwerere ku Mulanje pamodzi ndi galimoto, zilembedwe m'kaundula. Loleyo iyesedwe pa msewu itasenza katundu, ndipo pokhapo ndi pamene cholembera chikhudze pepala. Kampani yoona mtima siingakhumudwe ndi zimenezi, chifukwa wogulitsa nsalu yabwino saopa wogula akaitambasula padzuwa.

Ndipo galimoto zimene chitsimikizo chake chinatha kale zisamayende ulendo wa ku Blantyre chifukwa cha oyilo, girizi ndi mabuleki. Sukulu za ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba zakhala zikutulutsa amakaniko kwa zaka zambiri, ndipo bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, lilipo kuti maphunziro ameneŵa apite patsogolo. Anyamata ndi atsikana a ku Mulanje amene ali ndi masatifiketi a ntchitoyi akukhala m'midzi manja ali lende, pamene ndalama za khonsolo yao zikupita ku tauni kukalipira ntchito imene iwo akanaigwira tsiku limodzi. Khonsolo imene ingalembe makaniko wake, kumugulira zida ndi kumuikira dongosolo loona ntchito yake, idzasunga ndalama, idzasunga nthawi, ndipo ikapita kwa wogulitsa idzapita ndi munthu wodziwa kufunsa.

Atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera ndi pa boma, pamodzi ndi makhansala ndi mafumu, ali ndi udindo pa nkhani imeneyi, chifukwa mbiri ya Boma imayenda pa matayala a malole amenewa. Feteleza akachedwa kapena mankhwala akasowa pa chipatala cha kumudzi, anthu satukwana kampani ya ku Blantyre imene sakuidziwa. Iwo amaloza Boma ndi Chipani chimene anachivotera. Motero pa msonkhano uliwonse wa khonsolo pazifunsidwa kuti malole a boma lino ndi angati, akuyenda ndi angati, ali ku galaja ndi angati, akhalako masiku angati, ndipo anasainira ndalama zake ndani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akumva kupweteka lole ikafa ndi anthu a ku Mulanje, ndipo wogwira ntchito m'Boma amene amadya malipiro ochokera ku thukuta lao ayenera kutuluka mu ofesi, kutsegula boneti ndi kuona ndi maso ake asanasaine.