Njovu zili pafupi kuposa Joni

Msuweni wanga atabwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi, tinakhala pakhonde mpaka usiku iye akusimba za msewu. Akuti ukadutsa pa Mwanza n'kulowa Zobue, umawoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete thukuta lili kamukamu, kenako Nyamapanda, Harare, Masvingo. Kuchoka pamenepo kukafika ku Beitbridge ndi tchire lokhalokha ndi mawaya a mafamu a ng'ombe, basi n'kumathamanga nthawi yaitali osaona ngakhale mwana wogulitsa nthochi. Ukawoloka Limpopo ndiye milambe ya ku Musina, mipanda italiitali ya mafamu a nyama zakutchire, mpaka magetsi a Johannesburg. Dziko la South Africa ndi lalikulu kakhumi kuposa Malawi, ndipo iye amalitchula ngati ndi munda wa bambo ake.

Ndinasirira, ndisaname. Koma nditamufunsa ngati anaonako njovu, anaseka. "Njovu ndiionera kuti, aise? Ine maso amakhala pa pasipoti ndi chikwama." Ndiye ine wofunsane, digiri ili m'sutikesi, njovu ndinali nditaiona pa TikTok basi, kutha bandulo kuonera azungu akudabwa ndi nyama za kwathu konkuno.

Usiku womwewo ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp la anzanga a ku sekondale: tipite ku Majete. Khumi ndi awiri anayankha kuti "tilipo". Itafika nthawi yosonkha tinatsala anthu asanu ndi mmodzi, monga mwa masiku onse. Tinkaponya pang'onopang'ono pa Mpamba mwezi ndi mwezi, ndipo mu Ogasiti tinachita hayala Sienta, kunyamuka pa Njuli 5 koloko m'mawa titavala majuzi.

Ubwino wa dziko laling'ono ndinauona tsiku limenelo. Tinadutsa Limbe mavenda akungoyala kumene, Blantyre, kenako msewu wa M1 n'kuyamba kutsetsereka. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Majete ndi makilomita pafupifupi 70 okha, koma pa zikhotakhota za ku Chikwawa zija umachita kumva kuti walowa dziko lina. Makutu amatseka, chigwa cha Shire chimangoti yalaa pansi pako, ndipo pofika pa Thabwa majuzi onse anali pamiyendo.

Chimene chinandigwira mtima choyamba si nyama zakutchire ayi, koma ng'ombe. Kwathu ku Chiradzulu malo ndi ochepa, anthu ndife ambiri. Ng'ombe ya mkaka imakhala m'khola, mwini wake n'kumaisenzera udzu pa njinga ngati mfumu. Kuchigwa kuja ng'ombe zimayenda chigulu, fumbi koboo, kutseka msewu, dalaivala n'kudikira mwaulemu kamnyamata ka chikwapu kamalize kuwolotsa. Mafamu a ng'ombe amene msuweni wanga ankawaona pawindo la basi, fungo lake ndinalimva ndisanawoloke n'komwe malire a chigawo chakummwera.

Pageti la Majete onetsani chiphaso cha unzika, chifukwa Amalawi timalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja. Anzanga awiri sankadziwa zimenezi, ankaganiza kuti malo otere ndi a madola okhaokha. M'katimo simuyenda wapansi mwachisawawa. Ife tinasiya Sienta yathu n'kukwera galimoto yotsegula ya pamalopo, pamodzi ndi wotilondolera.

Iyeyo ndiye anatifotokozera mbiri imene sindinaiphunzire m'kalasi iliyonse. Nkhalango imeneyi, ya masikweya kilomita 700, inali itatha. Pofika zaka za m'ma 1990 opha nyama mozembera anali atamaliza njovu zonse, zipembere ndi mikango zinali zitasowa kale. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira malowa. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, mu 2006 njovu, mu 2012 mikango. Nyama zimene tinkaziona zinachita kubwera pa malole, zina kuchokera ku South Africa komweko. Ndinaseka ndekha: ife tikukwera basi kupita ku Joni, mikango ikubwera kuno.

Mkango sitinauone, chipembere ayi. Tinaona njiri zothamanga michira ili njo, mbidzi, mphalapala, mvuu zili phwii m'madzi. Ndiye cha m'ma 10 koloko, m'mbali mwa Shire, njovu zisanu ndi kamwana zinatulukira m'tchire n'kudutsa kutsogolo kwathu. Chimene vidiyo siikuuza n'chakuti chinyama chachikulu choncho chimayenda osamveka phazi. Umangomva nthambi ikuthyoka. Mnzathu amene salekana ndi foni anaiwala kujambula, mpaka lero timamunena.

Tinaimanso pa mathithi a Kapichira, pamene David Livingstone analephera kupitirira ndi sitima yake mu 1859. Kwa ife dzinali limatikumbutsa mdima: namondwe wa Ana atawononga damu la pamenepa mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawati 130, ndipo tonse tinaphunzira kutchajitsa foni kwa aneba a sola.

Pofika 7 koloko madzulo ndinali kunyumba, nsima ikadali yotentha. Agogo sanasangalale. "Ndalama yogulira feteleza mwakapatsa njovu?" Sindinawatsutse, chifukwa sakunama; ulendowu unadya ndalama imene ikanagwira ntchito ina, ndipo si aliyense angaupange chaka chino. Koma atakhuta anayamba okha kusimba kuti ali mtsikana phiri la Chiradzulu linali lakuda ndi mitengo, anyani ankawalanda chimanga, ndipo dzuwa likalowa palibe ankayenda yekha kuopa afisi.

M'mawa mwake ndinaliyang'ana phirilo, minda itakwera mpaka m'chiuno mwake, zigamba za dazi paliponse. Ndinakumbuka Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera kuphiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe. Ndakhala ndikuliona phiri la Chiradzulu moyo wanga wonse, koma sindinalikwerepo. Ndalembanso pa gulu lija kuti ulendo wotsatira ndi umenewo, wosafuna Sienta kapena chiphaso. Pakali pano amene ayankha kuti "tilipo" ndi khumi ndi anayi.