Mlandu Ukatha, Voti Ibwerere kwa Mwini Wake

Kumudzi munthu akalakwa, mfumu ndi nduna zake zimazenga mlandu pabwalo. Wolakwayo akapereka mbuzi kapena nkhuku ya chindapusa, mlanduwo umathera pomwepo. M'mawa mwake munthu yemweyo amakhala pabwalo lomwelo, ndipo akapempha kulankhula amapatsidwa mpata monga wina aliyense. Makolo athu ankadziwa kuti chilango chopanda malire ndi nkhanza. N'chifukwa chake ndikunena mosapsatira mawu kuti munthu amene watsiriza chilango chake abwezeredwe ufulu woponya voti, ndiponso asalipire kanthu kuti aupeze.

Tiyeni tione zimene zinachitika m'chigawo cha Florida, m'dziko la America. Kumeneko munthu wopezeka ndi mlandu waukulu ankalandidwa voti kwa moyo wake wonse, pokhapokha bwanamkubwa atamchitira chifundo. Lamulo limeneli linakhwimitsidwa m'chaka cha 1868, patangopita zaka zitatu ukapolo utathetsedwa m'dzikomo, ndipo goli lake linalemera kwambiri pakhosi pa anthu akuda. Pofika m'chaka cha 2016, mwa anthu akuda asanu alionse a msinkhu wovota m'chigawocho, mmodzi analibe voti.

M'mwezi wa Novembala 2018 anthu a ku Florida anaponya voti pa nkhaniyi. Pafupifupi anthu 65 mwa 100 alionse anavomereza kuti amene atsiriza chilango abwezeredwe ufulu wawo, kupatula opha anzawo ndi opalamula milandu ikuluikulu ya chiwerewere. Anthu pafupifupi 1.4 miliyoni anayembekeza kulowa m'kaundula wa chisankho. Koma m'chaka cha 2019 aphungu a chigawocho anakhazikitsa lamulo loti munthu ayambe walipira faindi ndi ngongole zonse za kubwalo la milandu asanavote. Zotsatira zake n'zoonekeratu. Anthu awiri opalamula mlandu wofanana, nakhala m'ndende zaka zofanana, amasiyana pa tsiku la chisankho: wachuma amavota, mmphawi amabwerera pakhomo. Pamenepo chimene chikulangidwa ndi umphawi.

Ena amati wothyola lamulo sayenera kusankha opanga malamulo. Ganizoli limamveka lokoma m'khutu, koma likafufuzidwa limapezeka lopanda mizu. Poyamba, ndi woweruza amene amayeza kukula kwa mlandu n'kugamula chilango. Akati zaka zisanu, ndi zaka zisanu basi. Nanga ndani ali ndi mphamvu yowonjezera chilango china chimene bwalo silinatchule? Wotuluka m'ndende amakhoma msonkho, amagona m'chipatala cha boma akadwala, ndipo ana ake amaphunzira m'sukulu za boma. Dziko likalandira msonkho wake koma n'kukana mawu ake, ndiye kuti likumdyera masuku pamutu.

Chachiwiri, tisaiwale kuti si onse opezeka olakwa amene ali adani a dziko. Nelson Mandela anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse m'chaka cha 1964. Anatuluka mu 1990, ndipo mu 1994 anaponya voti nasankhidwa kukhala mtsogoleri wa South Africa. Kuno kwathu, Chakufwa Chihana anapezeka wolakwa pa mlandu woukira boma mu 1992 chifukwa chofuna ndale za zipani zambiri. Anatuluka m'ndende mu Juni 1993, ndipo mu 1994 anaima nawo pa chisankho cha pulezidenti. Boma likakhala ndi mphamvu yolanda voti kwa aliyense amene lamumanga, lapeza njira yachidule yochotsera otsutsana nalo m'kaundula.

Chachitatu, cholinga cha ndende n'kuwongola munthu kuti abwerere pakati pa anzake. Akuluakulu amati mwana akakunyera pantchafu sudula mwendo. Tikamuuza munthu kuti wasintha, koma pa tsiku la chisankho n'kumtsekera kunja, tikumphunzitsa kuti ndi mlendo m'dziko lake lomwe. Mlendo sasamala za denga la nyumba imene si yake.

Maiko oyandikana nafe anapita patsogolo kuposa apa. Bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linagamula mu 1999 kuti akaidi apatsidwe mwayi wolembetsa ndi kuvota. Ku Zambia bwalo lotere linagamula chimodzimodzi mu 2017, ndipo akaidi anavota koyamba pa chisankho cha 2021. Malamulo a dziko lathu la Malawi nawonso salanda munthu voti chifukwa chongokhala m'ndende pa mlandu wamba. Tsono ngati amene akadali kuseri kwa mpanda akuloledwa kusankha atsogoleri, pali chifukwa chanji chomkanizira amene chipata chinamtsekukira kale?

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mukwanitsa zaka 18 posachedwapa, ndipo ena mwa inu mudzakhala aphungu ndi oweruza. Tsiku lina wina adzabwera ndi mawu ozuna, nadzakupemphani kuti muchotse "zigawenga" m'kaundula wa chisankho. Mudzamfunse kuti chilangocho chidzatha liti, ndiponso ndani adzasankhe woyenera kutchedwa chigawenga. Akadzalephera kuyankha, mudzakane, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.