MTOLANKHANI MPATSENI NKHANI, OSATI MADANDAULO

Masiku ano kuli atolankhani ena amene amalemba zinthu ziwiri pamodzi: nyimbo za oyimba odziyimira paokha, opanda kampani yowagwira dzanja, ndiponso mamangidwe a mizinda ndi matauni. Anyamata athu a mabanjo ndi ababatoni amva za anthu amenewa ndipo ayamba kuwalembera. Zimenezo nzabwino ndithu. Koma makalata amene ife taonako ambiri ake ngomvetsa chisoni. Ayamba ndi moni wa mizere isanu, kenaka kudandaula kuti mwini wake ndi waluso koma alibe womuthandiza, basi kalata yatha. Kodi pamenepa munthu alembapo chiyani? Mtolankhani si bungwe lachifundo ayi. Iye afuna nkhani, ndipo nkhaniyo muli nayo, koma simuitchula.

Tiyambe tamvetsa chifukwa chake munthu mmodzi alemba za nyimbo ndi za mizinda. Woyimba wopanda kampani, holo yake ndi msewu, msika ndi depoti ya basi. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka, ankayimba m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik, katswiri wa maphunziro a nyimbo wochokera ku Austria, anakomana nawo mu 1967, ndipo dzina lawo linamveka mpaka ku Ulaya. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe asanakwere nsanja ya Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Onsewa anamvedwa chifukwa panali malo pamene anthu oyenda pansi amaima ndi kumvetsera.

Tsono taonani mzinda wa Lilongwe. Mzinda watsopanowo anayamba kuujambula papepala, ndipo unakhala likulu la dziko mu 1975, ma Area ake atatalikirana, Capital Hill uko, Old Town uko, pakati pake mtunda wofuna galimoto. Mtandire, kumene a Madalitso ankakhala, anthu anadzimangira okha pafupi ndi nyumba zamipanda za Area 47. Mu 2006 Boma linachotsa mavenda m'misewu ya mizinda yathu. Pa chimenecho anthu amanena zosiyana, ndipo ife sitiweruza lero. Tingoti pamene achotsa ogulitsa, khamu limapita nawo, woyimba nkutsala akuyimbira fumbi. Mtolankhani amene tikunenayu zoterezi ndizo amazisaka.

Nanga kwathu kuno kulibe zotere? Ziliko! Mtengo umene anthu ankasonkhana pansi pake tsiku la msika, anaudula pokuza msewu: oyimba anasamukira kuti? Khonsolo yamanga mashedi atsopano kutali ndi pokwerera basi: ndani apitako? Magetsi afika pa sitolo, ndipo mnyamata wina watsegula situdiyo m'kachipinda kuseri kwa chigayo, amajambula usiku chigayo chikazima. Imeneyo ndiyo nkhani. Inu mumaiona tsiku ndi tsiku mpaka mwaizolowera, koma wa ku tauni sanaimvepo.

Polemba tsono, mzere woyamba unene chimene chachitika. Tchulani mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, pakuti iye sadziwa kwanu. Tumizani nyimbo IMODZI yojambulidwa bwino pa foni, pamalo pomwe mumayimbirapo, phokoso la msika lizimveka. Nyimbo makumi awiri palibe amene adzazimvera. Muuzeni tsiku la msika, ndi amene angamulandire akatsika basi. Musanalembe, werenganiko zimene iye analemba kale, kuti musakagulitse nkhuku kwa wofuna mbuzi. Ndipo musaname. Mukati anthu chikwi amabwera kudzamvera, iye nkupeza khumi ndi agalu awiri, sadzabweranso, ndipo mwatsekera njira anzanu onse a dera lino.

Akapanda kuyankha, dikirani masabata awiri, mumkumbutse kamodzi, kenaka lemberani wina. Kuyimba foni m'mawa, masana ndi usiku sikuthandiza kanthu.

Za ndalama tinene poyera. Alipo ena ofuna chipondamthengo asanatulutse cholembera. Musapereke. Nkhani yogula owerenga amaizindikira ndi fungo, ndiponso mawa adzafuna zoposa. Kumpatsa nsima mlendo amene wayenda ulendo wautali ndi mwambo wathu, chimenecho nchina.

Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Nzoona, koma kalumo komweko kamachekanso. Mtolankhani akafika ndi makina ake ojambulira, mufunseni mosachita manyazi kuti nyimboyo ikupita kuti, ndipo ngati idzagulitsidwa, ndalama adzalandira ndani. Kulola kuti alembe za inu si kupereka nyimbo yanu. Musasayine pepala limene simunaliwerenge, ndipo ngati lili m'Chingerezi, pezani mphunzitsi akumasulireni mzere ndi mzere. Bungwe la COSOMA, loteteza eni nyimbo ndi zolemba, lilipo chiyambire 1992; kalembetseniko nyimbo zanu mlendoyo asanabwere.

Pali chinanso chimene achinyamata amaiwala. Nkhani ya msika imakhudza amayi ogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu, pamalo pamene khonsolo inaletsa. Dzina la mayi wotere kapena chithunzi chake chikatuluka m'nyuzi, amene adzalandidwe dengu ndi iyeyo, inu muli phee kunyumba ndi banjo yanu. Pitani mukawafunse kaye amayiwo, mmodzi ndi mmodzi, ngati alola kutchulidwa. Amene wakana, muuzeni mtolankhani asanatulutse kamera m'chikwama.