Chipinda Chimene Nyali Zake Zitsata Mtima

Mwezi uno tikambe za mmisiri wina wa ku Mexico, Bambo Rafael Lozano-Hemmer, ndi chipinda chimene anakonza m'chaka cha 2006. Tasankha nkhaniyi chifukwa achinyamata ambiri ali kukamba za chizolowezi chodekhetsa mtima chimene pa Chingerezi achitcha mindfulness, ndipo makolo ali kudzifunsa ngati mwana wa mu Mpingo ayenera kuchiyandikira.

Bambo amenewa anabadwira mu mzinda wa Mexico City m'chaka cha 1967. Maphunziro ao sanali a zojambula ai. Anaphunzira sayansi ya chemistry pa yunivesite ya Concordia ku Montreal, m'dziko la Canada. Pambuyo pake anayamba kupanga zinthu zoonetsa anthu, osati ndi utoto kapena dongo, koma ndi magetsi ndi kompyuta, zinthu zimene sizichita kanthu kufikira munthu atazikhudza.

Chipindacho anachitcha Pulse Room, ndiko kunena chipinda cha kugunda kwa mtima, ndipo chinaonetsedwa koyamba mu mzinda wa Puebla, m'fakitale yakale yoomba nsalu. Kudenga kwake alendeweramo mababu oyambira 100 kufikira 300, monga mwa kukula kwa malo, mamita 3 kuchokera pansi. Pambali pali zogwirira ziwiri zachitsulo. Munthu akazigwira ndi manja onse, kompyuta imva kugunda kwa mtima wake, ndipo babu loyandikana naye liyamba kuyaka ndi kuzima motsata mtimawo: wothamanga, nalo lithamanga, wofatsa, nalo lifatsa. Akachotsa manja, nyali zonse zizima kamphindi, ndipo poyakanso, kugunda kwake kwasunthira pa babu lotsatira. Akabwera wina, kusunthanso. Chotero mtima wa munthu uyenda pamzere, babu ndi babu, kufikira kumapeto, kumene uzimiratu kuti upatse malo anzake.

Eni ake anafotokoza kuti maganizowa anachokera kuwiri. Poyamba, pamene mai a kunyumba kwao anali oyembekezera mapasa, anamva pa makina a kuchipatala timitima tiwiri tili kugunda nthawi imodzi, kalikonse ndi liwiro lake. Chachiwiri ndicho kanema wa ku Mexico wa m'chaka cha 1960 wotchedwa Macario, m'mene mmphawi wotola nkhuni aonetsedwa phanga lodzala ndi makandulo, kandulo iliyonse moyo wa munthu mmodzi, zina zazitali, zina zotsala pang'ono kutha.

Tsono tibwere ku funso la makolo lija. Mindfulness monga aiphunzitsa lero inafalitsidwa kwambiri ndi Jon Kabat-Zinn, amene m'chaka cha 1979 anayamba kuphunzitsa odwala ku Massachusetts, m'dziko la America, kukhala chete ndi kumvetsera mpweya ndi thupi lao, kuti apirire zowawa ndi nkhawa. Mizu yake ili m'chipembedzo cha Chibuda, ndipo pamenepa sitifuna kubisa. Komatu kukhala chete sikuli kwa Abuda okha. Munthu amene kuyambira m'mawa kufikira usiku maso ake ali pa foni, akakhala pansi mphindi zisanu namva mtima wake, sanachimwe. Wachita chimene makolo athu ankachita pakhonde dzuwa likulowa. Chimene chitidetsa nkhawa ife ndicho kumene cheteyo athera. Ophunzitsa ambiri amutsiriza pa munthu mwini: mpweya wanga, mtendere wanga, maganizo anga. Munthu alowa yekha, natulukanso yekha.

Apa ndipo tiona kuti mababu a ku Puebla aposa aphunzitsi otere. Chipindacho chikulola kudziyang'ana kamphindi kochepa chabe. Usanakhute kuona nyali yako, yasuntha kale, ndipo ukakweza maso uona mitima ina yochuluka ili kuphethira pamwamba pako, ya anthu amene sunawaone nkhope, mlonda, mwana wa sukulu, nkhalamba, popanda babu lalikulu la wolemera kapena laling'ono la wosauka. Ndipo udziwa kuti anthu 100 akadzagwira zitsulozo pambuyo pako, iwe sudzakhalamonso. Sitinena kuti Bambo Lozano-Hemmer anafuna kulalikira, sitiwaika paguwa. Koma mfundo ziwiri zimene chipinda chao chionetsa, kuti masiku athu ngowerengeka ndi kuti sitili tokha, Mkhristu azidziwa bwino, ngakhale aziiwala kawirikawiri.

Palinso china chimene babu lionetsa popanda mau. Mtima wa munthu wamkulu wopumula ugunda ka 60 kufikira ka 100 pa mphindi imodzi, pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo palibe kamodzi kamene mwini wake analamula. Wogwira zitsulo zija ayang'ana ntchito imene sali kuichita ndiye. Wina aona zimenezi nangozizwa. Wina aona nayamika Wopatsa. Kompyuta singasankhire munthu pakati pa ziwirizi.

Inde, alipo amene adzati nkuononga magetsi, ndipo sitiwaseka: babu lililonse ndi la mawati 300, kotero mababu 100 atayaka pamodzi ndi mawati 30,000, pamene midzi yambiri igona mumdima. Chikhalirecho anthu anachifuna chipindacho. M'chaka cha 2007 chinaonetsedwa ku Venice, kumene mmisiriyu anaimira dziko la Mexico pa chionetsero chachikulu cha zaluso, ndipo m'chaka cha 2018 chinafika ku nyumba ya zaluso ya Hirshhorn ku Washington.

Chotero mwana akabwera kunyumba ndi mau akuti mindfulness, tisathamangire kumukalipira. Timufunse amene ali kumuphunzitsa, timufunse ngati auzidwa kutchula maina kapena mapemphero a chipembedzo china, ndipo timufunse amene akumbukira akakhala chete. Ngati mafunsowo atikulira, abusa ndi akulu a Mpingo alipo.