Kadamsana: Ali Pansi ndi Ali Kumwamba

Lachinayi pa 21 Juni 2001 tinali mumzinda wa Lusaka ku Zambia. Sitinatsatire kadamsana ai, tinatsatira maliro a malume athu amene adakhalitsa kumeneko pa ntchito. Tinali titaika dzulo lake, ndipo masanawo tinakhala pabwalo pa siwa pamodzi ndi amai amasiye.

Isanakwane 2 koloko mwezi unayamba kudya dzuŵa m'mbali mwake. Kwa ola lathunthu sitinaone kusintha kwenikweni, koma pang'onopang'ono kuŵala kunafooka, mphepo yozizira inadzuka, ndipo pansi pa mtengo panadzala timiyezi ting'onoting'ono toŵala, tambirimbiri, topyola m'mipata ya masamba. Itangopitirira 3 koloko mdima unatigwera monga munthu akuphimba mphika. Nkhuku zinathamangira kukhola. Nyenyezi zingapo zinatuluka. Pamene panali dzuŵa panatsala chibowo chakuda bii, chozingidwa ndi chisoti choyera chimene akatswiri amachitcha korona, ndiwo mpweya wotentha wa dzuŵa umene masiku onse umabisika m'kuŵala kwake. Mzinda wonse unafuula, ife pa siwa tinangoti zii. Zinatenga mphindi zitatu ndi pang'ono, koma kwa ife amene tinali m'katimo, dziko lonse lapansi linali litada.

Patapita zaka tinaona chithunzi chimene anthu a m'chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Mir adajambula pa kadamsana wina, wa pa 11 Ogasiti 1999, mthunzi wa mwezi ukudutsa ku Ulaya. Tinachiyang'ana nthaŵi yaitali. Mitambo ili mbee, dziko likuŵala, ndipo pakati pali kabanga kakuda ngati chipsera cha simbi pa nsalu yoyera. Kadamsana yense ndi kabanga komweko! A m'chombo cha International Space Station, chimene chimayenda makilomita ngati 400 pamwamba pathu, adaonanso zomwezo mu 2006, mu 2017 ndi mu 2024.

Chifukwa chake nchosavuta, ndipo timachiphunzitsa m'kalasi ndi nyali, lalanje ndi mpira. Dzuŵa liposa mwezi kukula m'mimba mwake ka 400, komanso lili kutali kuposa mwezi ka 400, choncho ziŵirizi zimaoneka zolingana ndipo mwezi ukhoza kulitseka ndendende. Nsonga ya mthunzi wake imene imafika pansi ndi yopapatiza: ya mu 2001 sinapose makilomita 200 m'lifupi, ndipo mithunzi yotere imathamanga liŵiro loposa makilomita 1,700 pa ola. Inachokera ku Angola, nidutsa Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mpaka ku Madagascar. Kwathu kuno ku Malaŵi dzuŵa linadyeka kwambiri, koma m'madera ambiri silinazime.

Tsono woona zoona ndani? Ali kumwamba sakunama ponena kuti mdimawo ndi waung'ono ndi wopitirira. Koma chithunzi chao chilibe kuzizira kuja, chilibe nkhuku, chilibe chisoti choyera chija, pakuti chimenechi amachiona munthu amene mthunzi wamukuta.

Apa tiulule mlandu wathu. M'maŵa wa tsiku lomwelo tinali titauza amai amasiye aja kuti, "Amai, musalirenso, zimenezi zitha." Iwo sanayankhe. Tinalankhula monga anthu a m'chombo, oona kabanga patali, kwa munthu amene dzuŵa lake linali litazima masanasana. Ife akulu a mpingo matenda aŵa tili nao: tikafika pa siwa timafulumira ndi mau, mwina pofuna kupeputsa mitima yathu yomwe. Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi aŵiri amene adakhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa atatsegula pakamwa. Pa mphindi zitatu za mdima zija palibe adalalikira. Amaiwo adagwira dzanja la mdzukulu wao, ndipo kuŵala kutabwerera ndiwo adayamba kulankhula, kufunsa ngati alendo adya.

Pa 25 Novembala 2030 mthunzi udzadutsanso kumwera kwa Afrika, ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, ndipo ife kuno tidzaona dzuŵa lodyeka mbali. Makolo, pamenepo mpamene maso a ana amaonongeka, chifukwa kachigawo kotsalako kamatentha m'kati mwa diso popanda ululu. Galasi lodetsedwa ndi utsi wa koloboyi, limene tinkadalira tili ana, siliteteza konse. Magalasi a dzuŵa a m'sitolo nawonso ai. Boolani kabowo pa katoni, mwana afulatire dzuŵa, ndipo aone chithunzi chake pa pepala loyera. Katoni akasoŵa, muwatengere pansi pa mtengo wa mango, ayang'ane pansi.